Kanema Wobadwa Loweruka

Zakia sankayamba ndi nkhope. Munthu akaima pakhonde pomwe ankasokera pa Lirangwe, maso ake ankafikira pa kolala, n'kutsikira ku mabatani, n'kukathera ku mpendero wa thalauza. Akamaliza ulendo umenewo ndiye ankayankha moni. Ankati nkhope imaphunzira bodza mwana akadali kumsana, koma nsalu ilibe nzeru zimenezo: ikatha yatha, ikapsa yapsa.

N'chifukwa chake Lachiwiri m'mawa, atamukhazika pa benchi kupolisi kuti aone kanema amene anamangitsa mwamuna wake, sanataye nthawi ndi nkhope ya Aziz. Anayang'ana malaya.

"Mwawaona?" anafunsa Sajenti Prisca Alufandika, mayi wamfupi wa yunifolomu yosita bwino koma yothina m'khwapa. "Ndi amuna anu kapena ayi?"

"Ndi iwowo."

Kanemayo anali wamfupi. Aziz akutsegula chitseko cha nyumba yosungiramo katundu ya bwana wake, Che Lajabu, ku Chileka. Akulowa. Akutuluka ndi thumba la nandolo paphewa. Basi, n'kuthera pomwepo.

"Ameneyu ndi wa Loweruka masana," anatero Sajenti. "Loweruka lomwelo anthu anaona lole itaima pakhomopo, ndipo Lolemba anapeza nandolo yense palibe. Loko wosathyoka. Amuna anu ndi dalaivala, makiyi amayenda nawo. Lachinayi akukaonekera kukhoti, ndipo ndisakunamizeni, mlandu woterewu belo imavuta."

"Si wa Loweruka ameneyo."

"Mwati?"

"Malaya amizeremizere avalawo ndinawawotcha ndi nsimbi Lachinayi lapitali. Ndinali pa liwiro, ndikumaliza diresi la mkwatibwi, lobiriwira, la mikanda pakhosi, loti adzatenge Lachisanu. Ndinati ndisite msanga malayawo, khala linagwa n'kuboola pamsana dzenje lolowa chibakera. Panopa ndi chiguduli, ndimapukutira makina."

"Mwina ali nawo awiri ofanana."

"Mwamuna wanga alibe chovala chimene ine sindikuchidziwa."

Sajenti anagogoda pa galasi la kompyuta ndi kumbuyo kwa cholembera. Pambali pa dzina la kanemayo panali tsiku, ndipo tsikulo linali Loweruka ndithu.

"Ine sindikukutsutsani, mayi. Koma woweruza akandifunsa kuti tikhulupirire chiguduli kapena kompyuta, ndiyankhe kuti chiyani? Mkazi aliyense ali ndi chiguduli kunyumba."

Anasolola fulashi yomwe munali kanemayo, kanthu kakang'ono kofiira, n'kuibwezera mu envulopu. Anati anabweretsa ndi Japhet, kalaliki wa Che Lajabu, ndipo chiibweretsereni palibe anaigwiranso.

Anamulola kuti aone Aziz pazenera la chitolokosi. Anali atawonda tsiku limodzi lokha, ndevu zitamera mosalongosoka.

"Bambo a Zulfa, Loweruka munachoka mutavala mkanjo woyera, ndinasita ndine. Munati mukupita ku sadaka ku Mdeka, munabwera Lamulungu. Apolisi akuti afunsa ku Mdeka, kunalibe sadaka. Munali kuti?"

"Kunali sadaka. Yaing'ono."

"Anamwalira ndani?"

"Simukuwadziwa."

"Chabwino. Tchulani munthu mmodzi amene munadya naye mpunga, ndikamutenge."

Aziz anayang'ana pansi, zala zikuseweretsa chitsulo cha pazenera.

"Mayi a Zulfa, zisiyeni. Mulungu akudziwa kuti sindinabe."

"Mulungu akudziwa, inde. Koma Sajenti akufuna munthu wamiyendo iwiri."

Zakia anali atakhala naye zaka zambiri, ndipo ankadziwa mmene amaonekera akamanama. Apa ankanama. Ankadziwanso mmene amaonekera akamanena zoona. Chimene chinamusokoneza n'chakuti apa ankaonekanso choncho.

*

Zakia anawapeza Che Lajabu atakhala pa mpando pakati pa nyumba yopanda kanthu ija, kofia itapendekeka, akuyang'ana timbewu ta nandolo tomwazikana pasimenti. Ndege inadutsa chapafupi, malata n'kunjenjemera. Anadikira kuti ipite.

"Mwana wanga, Aziz ndamulera ndine pa ntchito. Anabwera asakudziwa ndi giya yomwe. Nandolo ameneyu si wanga ndekha, ndi wa alimi a ku Kuntaja amene anandisungitsa. Ndikawauza chiyani? Wallahi, ndimafuna nditamva kuti si iye. Koma makina amuona."

"Makinawo mwawafunsa nokha, Che Lajabu?"

"Ine? Amandikana! Kamera ndinagula ndine, kompyuta ndinagula ndine, magetsi ndimalipira ndine. Koma ndikati nditsegule ndione, imati mulibe chilolezo. Chilolezo! M'nyumba mwanga momwe! Imamvera uyu basi."

Analoza ndi ndodo. Pakhomo la ofesi panaima Japhet, mnyamata wamtali woyankhula mofatsa ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Jekete yake inali yatsopano, kansalu ka dzina la fakitale kakadali pamkono. Mapewa ake anali aakulu kuposa mwini wake.

"N'chitetezo, bwana," anatero Japhet. "Kamera imaponya makanema onse mu foda imodzi, ndipo fodayo imatseguka ndi dzina langa lokha. Tikapatsa aliyense chilolezo, wina adzafufuta zinthu mwangozi."

"Ndionetseni makanema ena a Loweruka," anatero Zakia. "Lole ija, anthu amene ananyamula. Aziz sangasenze nyumba yonseyi yekha."

"Palibe, mayi. Atangotenga thumba loyamba anazimitsa magetsi. Ndi amene amadziwa pozimitsira."

"Inu munali kuti?"

Japhet anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene funsolo wakhala akuliyembekezera.

"Ku kwaya ku Lunzu, kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Muofesi muno ndinatseka Lachisanu, ndinatsegula Lolemba. Titapeza kuti katundu palibe, ndi pomwe ndinayatsa kompyuta, n'kupeza kanemayo, n'kumukopera pa fulashi. Bwana anali panja apa akulira."

"Sindimalira," anatero Che Lajabu. "Ndimatsokomola."

"Nanga bwanji pachithunzipo sipanalembedwe tsiku?"

"Kamera yotchipa, mayi. Tsiku limakhala pa fayilo. Ndipo pepani kunena, kompyuta ilibe mwamuna woti imuikire kumbuyo."

Mu minibasi yobwerera ku Lirangwe, Zakia anayamba kudzikayikira. Kodi linalidi Lachinayi? Anabwereza sabata yonse m'mutu. Mayi wina anabweretsa nsalu yobiriwira ndi miyezo yolemba pa kapepala, akuti n'za mwana wa mchemwali wake. Anadzatenga diresilo Lachisanu. Malaya anapsa dzulo lake, fungo lake Zulfa anadandaula nalo pobwera kusukulu. Linali Lachinayi. Ndiye munthu amavala bwanji Loweruka malaya amene anapsa Lachinayi? Kapena makina anali ndi ufiti, kapena iyeyo mutu unali utayamba kutayikira.

Sanapite kunyumba. Anatsikira pa siteji n'kulunjika kumene kunkachokera phokoso.

*

Faruk anali ndi kashopu kamalata kuseri kwa msika, komwe anthu ankakaikitsa nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Ankadulanso mavidiyo a maukwati n'kuikamo nyimbo ndi timaluwa touluka. Atamuona Zakia anatsitsa sipika, kenako anaikwezanso, kenako anaizimitsa.

"Asisi Zakia! Mwabwera kudzabena nyimbo, makaswida atsopano? Ndili nawo owawa."

"Ndabwera ndi funso. Kompyuta imanama?"

"Aaa, zimatengera mwaifunsa bwanji."

Anamufotokozera za malaya. Faruk anamvetsera akukanda m'mutu ndi fulashi, maso akuthawathawa.

"Zophweka zimenezo, asisi. Fayilo ili ngati mkamwini. Ili ndi tsiku lomwe inapangidwa kwawo, ilinso ndi tsiku lomwe inafika pamudzi pano. Mukaikopera pa fulashi, yafika pamudzi watsopano, fulashi imalemba tsiku lofikalo. Vuto ndi loti makinawa tsiku lofikalo amalitcha tsiku lobadwa."

"Ndiye ili ndi masiku awiri?"

"Awiri, nthawi zina atatu. Kompyuta ina imakuonetsani ili, ina imakuonetsani ilo, malingana ndi mtundu wake ndi mmene mwiniwake anaitcherera."

"Sindikumva. Ndionetse."

"Bho. Taonani, nditenga fayilo iliyonse apa..."

Anatsegula foda. Pagalasi panadzaza tizithunzi ting'onoting'ono. Faruk anatulutsa kamawu ngati waponda munga, dzanja n'kuthamangira kukatseka, koma Zakia anali ataona kale kobiriwira.

"Ima. Diresi ilo ndasoka ndine. Tsegula ndione mmene linamukhalira."

"Asisi, n'za kasitomala izi."

"Mesa nanenso ndi ntchito yanga? Ndikufuna ndione m'chiuno, ndinasoka ndi miyezo ya pa pepala."

"Mawa, asisi. Kompyuta yatentha."

Zakia anamuchotsa dzanja pa mbewa ya kompyutayo monga amachotsera dzanja la mwana pa lumo, n'kudina yekha.

Diresi linakhala bwino. Mikanda inagona pakhosi monga anaiyalira, mpendero sunakhudze pansi. Mtsikanayo anali wowonda, manja ojambulidwa maluwa, maso pansi. Amayi ankalulutira. Kamera inatembenuka n'kupeza shehe atakhala pa mkeka, pambali pake mkwati wa mkanjo woyera. Kolala ya mkanjowo inali yotembenuzidwa, ulusi wake woyera kwambiri kuposa nsalu. Anaitembenuza yekha Zakia mwezi wa Ramadani, itayamba kunyenyeka.

Apo ndiye anayang'ana nkhope.

Sanalire. Anangomva m'makutu mukulira ngati mawaya a magetsi. Maso anatsikira pansi pa kanemayo pomwe panali tsiku, ndipo anawerenga kawiri. Mwezi wa Malichi, zaka ziwiri zapitazo.

"Zaka ziwiri," anatero, mawu atauma. "Zaka ziwiri ndikumuphikira, ali ndi nyumba ina."

Kenako anayang'ananso tsikulo. Diresilo analisoka sabata yathayi. Zala zake zinali zikadali ndi mabala a singano ya mikanda. Kumeneko malaya avalidwa atapsa kale, kuno diresi lavalidwa lisanasokedwe.

"Faruk, ndiuze zoona. Ndapenga?"

"Ayi, asisi, ayi! Yopenga ndi kompyutayi. Kapena ndinene kuti ndine." Anakoka mpando n'kumukhazika. "Pulogalamu yomwe ndimadulira mavidiyo anandipatsa yongoyesa, ya mwezi umodzi. Mwezi ukatha imatseka, imafuna kugula. Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanasese n'komwe, ndimabweza tsiku. Muno Malichi sanathe chiyambireni. Chilichonse chotuluka m'makina anga chimabadwa Malichi yemweyo."

"Ndiye ndowayi inachitika liti?"

Faruk anayang'ana kudenga.

"Loweruka lapitali. Ku Mdeka. Mtsikanayo ndi Nasima. Achimwene Aziz anandilumbiritsa, asisi. Anati akuuzani okha nthawi ikakwana."

"Tsiku lonse anali kumeneko?"

"Kuchokera m'mawa mpaka anthu kubalalika."

Zakia anaseka, kuseka kumodzi kouma. Mwamuna analolera kugona pasimenti ndi dzina la mbava, kuopa kuyang'ana mkazi wake m'maso.

"Ndiikire pa fulashi, ndipite nayo kupolisi."

"Akakuthamangitsani. Akati mwabweretsa ukwati wakalekale. Ndipo akandifunsa za pulogalamuyi, ine ndatha. Zoyambirira zomwe anandipatsa ndinafufuta, malo ndi ochepa. Zenizenizo zili ndi Sabrina, amene anajambula. Amasunga pa disiki yake." Anatsitsa mawu. "Komanso asisi, mutati mungokhala chete, palibe angakunyozeni. Mwezi umodzi wa kundende ya Chichiri ungawaphunzitse."

Zakia anaiganizira. Anaiganizira bwinobwino, ndipo inamukomera. Koma panali Zulfa, amene m'mawa womwewo anakana kupita kusukulu chifukwa anzake ankamufunsa mtengo wa nandolo. Mwana wa pa mitala amadutsa mumsika anthu osatembenuka. Mwana wa mbava amakalamba nalo dzinalo.

"Ndipatse nambala ya Sabrina."

*

Sabrina anakumana naye Lachitatu pa siteji ya ku Chileka, chikwama cha laputopu kumsana, mpango utamangidwa mothina kuti usamugwere pa kamera. Ankayankhula ngati akuthamangira minibasi.

"Anti, ndikuuzeni poyambirira, ine sindimadziwa kuti ali ndi banja, ine amangondiitana, ndimajambula, ndimapita. Chachiwiri, kasitomala anati zisatuluke. Ndikayamba kuonetsa maukwati a anthu kupolisi, andiitananso ndani?"

"Kasitomala wako mawa akukwera galimoto ya kundende. Mkwatibwi wako akhala namfedwa wa munthu wamoyo. Chilolezo ukufuna kwa ndani? Mkazi wamkulu ndine, ndakupatsa."

Sabrina anamuyang'ana, anayang'ana jumbo yomwe inali m'manja mwake.

"Muli chiyani umo?"

"Chiguduli. Tiye."

Sajenti Prisca anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Atamva za ndowa anachotsa magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Achibale a mkwatibwi anganene chilichonse kuti mkamwini atuluke," anatero. "Koma kanema ndimuona. Bweretsani."

Analumikiza disiki ya Sabrina ku kompyuta ya pa tebulo. Panatuluka kabokosi ka mawu achingerezi. Sajenti anawerenga akusuntha milomo.

"Ikuti disikiyi iyenera kukonzedwa kaye isanagwire ntchito. Ikufunsa ngati ndikuvomera." Chala chinali chitakwera kale. "Ndivomere?"

"Musadine!" Sabrina anadumpha benchi n'kuzula waya. Wapolisi wina anasuzumira pakhomo. "Pepani bwana, pepani. Kukonza kwakeko ndi kufufuta. Maukwati onse a chaka chino akanapita. Disikiyi inazolowera laputopu yanga, ya chizindikiro cha apozi iyi. Kompyuta yanuyi ndi ya mtundu wina, siidziwa kuiwerenga, ndiye ikuona ngati ndi yopanda kanthu."

"Yopanda kanthu, koma muli ukwati?"

"Muli maukwati ambiri."

Sajenti anachotsa dzanja pa tebulo n'kuliika pa ntchafu, ngati angalilakwitsenso.

Pa laputopu disikiyo inatseguka bwinobwino. Munali timakanema tambirimbiri, tondondozana: kufika kwa mkwati, mawu a shehe, mpunga, amuna akuvina sikiri fumbi lili kobo, dzuwa likupendeka kuseri kwa mtengo wa mango. Aziz anali monsemo, akumwetulira ndi mano onse. Pambali pa kalikonse panalembedwa Loweruka. Sajenti ankaba maso n'kumuyang'ana Zakia. Zakia ankayang'ana mpendero wa diresi, pomwe ulusi unayamba kusomphoka mtsikanayo atauponda.

"Tsono mwandipha," anatero Sajenti. "Munthu mmodzi, Loweruka limodzi, malo awiri. Uku ali ku Mdeka akukwatira, uku ali ku Chileka akusenza thumba. Makina awiri, onse akulumbira. Ndimange uti, ndimasule uti?"

"Ikani fulashi ya Japhet mu laputopumu," anatero Zakia.

"Ndi umboni umenewo."

"Tingoyang'ana, bwana, sitisintha kanthu," anatero Sabrina.

Sajenti anazengereza, kenako anatsegula envulopu. Fulashi yofiira inalowa. Kanema uja anaoneka, dzina lomwelo, kukula komweko. Atatuwo anawerama pamodzi mitu n'kugundana.

Pambali pake panalembedwa Lachitatu.

"Iyayi," anatero Sajenti. Anaizula, anaiika mu kompyuta yake. Loweruka. Anaibwezera mu laputopu. Lachitatu. "Fulashi yomweyi! Mwaichita chiyani?"

"Palibe, bwana. Yanuyo ikuonetsa mzere wina, yangayi mzere wina. Dikirani nditsegule zonse."

Sabrina anadina, panatuluka mizere iwiri yotsatizana. Anawerenga ndi chala: "Kubadwa, Loweruka masana. Kusinthidwa komaliza, Lachitatu m'mawa, sabata yatha."

"Ndiye kuti mwana anametedwa Lachitatu, n'kudzabadwa Loweruka?" Sajenti anagwira m'mutu. "Ine ndinalowa ntchito yogwira akuba, osati iyi."

Zakia nayenso mutu unkamuwawa, koma mawu a Faruk anali akuzungulirabe mmenemo. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati akulowetsa ulusi pa singano kunja kukuda.

"Akuti fayilo ili ngati mkamwini. Lachitatu ndi tsiku lomwe inapangidwa kwawo, mu kamera. Lachitatu Aziz anapakira nandolo wopita ku Limbe, Che Lajabu akudziwa, ndipo malayawa anali asanapse." Anakhuthula jumbo pa tebulo. Chiguduli chamizeremizere chinagwa, chakuda ndi mafuta a makina, dzenje lili pamsana. "Loweruka ndi tsiku lomwe inafika pa fulashi. Kufikako ndi kumene makina akukutcha kubadwa."

"Ndi choncho," anatero Sabrina. "Ndi tsiku lokopera."

Sajenti anatambasula chigudulicho, anayang'ana kanema, anayang'ananso chigudulicho.

"Chabwino. Tinene kuti kanemayu ndi wa Lachitatu. Mwina kalalikiyo anangosokoneza masiku monga tasokonezera ifemu."

Zakia anatsegula pakamwa kuti avomere, n'kutsekanso. China chake chinkamukoka, monga umakokera msoko umene wakhota penapake koma sunaone pomwe wakhotera. Anabwerera m'maganizo pakhomo la ofesi ija, jekete ya mapewa aakulu, mawu a pa wailesi.

"Kwa inu Japhet ananena kuti anakopera liti?"

"Lolemba. Atapeza kuti katundu..." Sajenti anaima pomwepo.

Kunja minibasi inkaitanira anthu a ku Lunzu.

"Anandiuza kuti anatseka ofesi Lachisanu n'kutsegula Lolemba," anatero Zakia. "Koma fulashi ikuti kanemayu anafika Loweruka masana. Loweruka masana palibe amene ankadziwa kuti nandolo wabedwa, kupatula amene ankamubayo. Ndipo kompyuta ija, ngakhale mwini wake imamukana. Imamvera munthu mmodzi."

Sajenti anayang'ananso kanthu kofiirako. Loweruka lomwe lija limene linamanga Aziz linali likadali pomwepo, koma tsopano linkaloza kwina.

"Wotchi ya muofesimo ikhozanso kukhala yosokonekera," anatero potsiriza. "Lero ndaphunzira kuti makinawa aliyense ali ndi kalendala yake. Ndikaiona ndekha, ndi maso angawa. Ndikafunsanso a kwaya kuti ankaimba mawu anji Loweruka." Anabwezera fulashi mu envulopu, anapinda chigudulicho n'kuchiika pambali pake, anatenga chipewa. "Zikagwirizana, amuna anu atuluka lero lomwe. Mukufuna kuwaona ndisanapite?"

"Ndawaona kale. Pa kanema anatuluka bwino."

*

Nyumba yawo inali pa malo a amayi ake a Zakia, kuseri kwa njanji. Aziz anabwera pamudzipo ndi chikwama chimodzi chapulasitiki, cha mizere yofiira ndi yabuluu, ndipo chikwamacho chinali chikadali pamwamba pa kabati. Zakia anachitsitsa, anachikutumula fumbi.

Foni inalira ali mkati motulutsa zovala. Anali Sabrina, amene anatsagana ndi Sajenti, akupuma mothamanga: wotchi ya muofesi ili bwinobwino, a kwaya akuti Japhet anangoimba nyimbo yoyamba n'kusowa, Che Lajabu akufuna kumumenya ndi ndodo, a Aziz akusaina mapepala otulukira. Zakia anathokoza n'kudula.

Mkanjo anaupeza pansi pa bedi, utakulungidwa mu jumbo. Lamulungu lija Aziz anabwera atauvula kale, akuti kunatentha, ndipo iye sanafunse. Iye amene ankawerenga makolala a Lirangwe yense, kolala imodzi yokha ndi imene anaikhulupirira osaiona. Anautambasula. Unkanunkhira mafuta achilendo. Paphewa lamanzere panakodwa kamkanda kamodzi kobiriwira.

Chipembedzo sichikaniza mwamuna kutenga wachiwiri, zimenezo ankazidziwa kuyambira ku madrasa. Koma munthu amakhala pansi n'kumuuza mnzake, ankhoswe akumva. Samupatsa mkanjo kuti asite.

Anauponya m'chikwama mmene unalilimo. Anaponyamo mathalauza, malaya, kofia ziwiri, nsapato za ku mzikiti. Zina zinali zochokera pa chingwe, zamakwinya ngati masamba a fodya. Nsimbi inali pakona, makala ali pafupi. Sanaiyang'ane. Ankhoswe adzamva mawa, amalume ake adzakalipa, Che Lajabu adzabwera ndi ndodo yawo kudzapepesera. Onsewo adzapeza nkhani itatha kale.

Zipi ya chikwamacho inali yakufa. Akanatha kuikonza asanathe kapu ya tiyi. M'malo mwake anatenga singano yaikulu ya matumba ndi ulusi wa nayiloni, n'kusoka kukamwa kwake monga amasokera thumba la nandolo lopita kutali, msoko waukulu, wothina, womanga kawiri kumapeto.

Zulfa anaima pakhomo, akuyang'ana amayi ake akukokera chikwamacho pakhonde n'kuchiimika poonekera kuchokera kumsewu.

"Amayi, ababa atuluka?"

"Atuluka. Sanabe kanthu, mawa upite kusukulu ukawauze anzako."

"Nanga chikwamachi? Akupita kuti?"

Zakia anadula ulusi ndi mano.

"Ku Mdeka. Kuli sadaka."